Telala Amene Ankadikira Teni

Mu msewu wa kuseri kwa depoti ya mabasi, pakhonde la sitolo yogulitsa penti, pali makina osokera akuda amene chopondera chake chimalira ngati munthu wa chifuwa. Mwini wake ndi bambo wamtali, woonda, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, wovala jekete lolemera ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ana a masiku ano amangowadziwa kuti atelala. Akuluakulu a mu msewuwu amawaitana kuti a Teni, ndipo eni ake anasiya kalekale kukwiya nalo dzinalo. Amayankha ngati anabatizidwa nalo.

Dzinali linabwera ndi ndalama, choncho tiyambire komweko.

Nthawi ya agogo awo, dziko lino ndi la kutsidya kwa malire ankagwiritsa ntchito ndalama imodzi. Munthu ankagula sopo kuno ndi chenje cha kumeneko popanda womufunsa. Maboma atasiyana, lililonse linasindikiza yake. Yathu anajambulapo mbalame, yawo anajambulapo mlatho wautali. Poyamba zinkalemera mofanana, imodzi kwa imodzi. Kenako kutsidyako migodi inayamba kubala, ya mlatho n'kuyamba kunenepa. Inagula zathu ziwiri, kenako zisanu, ndipo mwamuna aliyense wa miyendo yolimba anakwera basi. A Teni analibe chifuwa cha mumgodi, koma anthu a mumgodi amang'amba maovolosi. Analembedwa ntchito pa fakitale yosoka maovolosiwo, n'kuikidwa pa mzere wa matumba. Anasoka matumba okhaokha zaka khumi ndi chimodzi. Mpaka lero buluku la a Teni limatha maondo, limatha kumbuyo, koma thumba limatsala lili gwa.

Fakitale itatseka anawapatsa zawo zonse pamodzi: mapepala folo handiredi, lililonse la handiredi, atsopano, onunkhira inki. Sabata imeneyo ya mlatho imodzi inkagula zathu teni. Akazi awo, amake Nesi, anali atawalembera kalata kuti nyumba ya zipinda zitatu ya kumapeto kwa msewu, ya mtengo wa mapeyala pakhomo, ikugulitsidwa. A Teni anawerengera kuseri kwa kalatayo, ndipo pa teni ndalamazo zinkakwana ndendende, osatsala ngakhale ya ndudu.

Basi inathyoka ekiselo panjira, anthu n'kukhala masiku awiri m'mbali mwa msewu. A Teni atatsika pa depoti Lachinayi, anapita molunjika ku kanyumba kosinthira ndalama, kaja ka zenera la mawaya kali pafupi ndi geti. Pa bolodi lakuda panalembedwa naini. M'katimo munali mtsikana wongomaliza kumene sukulu.

"Mwalakwitsa polemba, achemwali," anatero a Teni. "Ndi teni."

"Inali teni Lolemba, bambo. Lero ndi naini."

"Waitsitsa ndani?"

"Foni. Abwana amaimba m'mawa, ine ndimangolemba."

"Ndiye tsiku limene adzaimbe kuti teni, mudzandiona."

Papita zaka makumi awiri ndi ziwiri chilankhulireni mawu amenewa.

Amake Nesi anayesetsa. Anati sinthani pa naini yomweyo, yotsalayo tidzaipeza ndi makina, mwini nyumba wavomera kudikira mwezi. A Teni anakana. Anati kutaya imodzi pa teni iliyonse ndi kutaya chaka chathunthu cha matumba, ndipo chaka cha munthu sichingapite chifukwa bambo wina wadzuka n'kuimba foni. Anasoka ndalama zonse m'kati mwa jekete limene anabwera nalo kuchokera kutsidya, dziko lozizira, mizere yoongoka ngati ya bulangete, n'kubwereka khonde la sitolo ya penti kuti azisokerapo podikira. Anati ndi za milungu iwiri.

Naini inakhala miyezi itatu, kenako inakhala eyiti. Nyumba ya mapeyala inagulidwa ndi dalaivala wa thanka ya mafuta, amene anadula mtengo wa mapeyalawo kuti aziimikapo galimoto. A Teni ndi banja lawo anatsala m'zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa sitoloyo. Pakati pa chipinda chogona ndi pabalaza pali felemu yopanda chitseko. Alandilodi anati chitseko cha m'kati ndi nkhani ya wokhalamo. A Teni anasoka katani ya maluwa n'kunena kuti sangagule chitseko cha nyumba ya mwini pamene yawo ili m'jekete.

Kuyambira pamenepo moyo wawo unakhala wa masitepe mazana awiri. M'mawa uliwonse eyiti koloko ikamakwana amasiya makina, n'kuyenda mpaka pa geti la depoti, n'kuima manja kumbuyo mpaka nambala ilembedwe. Akabwerera amailemba m'buku la miyezo, pakati pa chiuno cha mphunzitsi ndi mapewa a wapolisi. Mabuku oterowo alipo khumi ndi anayi pansi pa bedi. Sagona kunja kwa msewu uno. Maliro a kutali amatumiza chipepeso. Tsiku limene mwana wawo wamkazi ankalandira satifiketi ya unesi, anafika mwambo uli pakati chifukwa anayamba adikira bolodi. Mantha awo anali amodzi: teni ikhoza kubwera tsiku limodzi lokha, ngati mlendo wodutsa, n'kupeza iwo kulibe.

Amake Nesi ankamva nambalazo m'njira yawoyawo.

"Lero tili pati, bambo a Nesi?"

"Sikisi."

"Ndiye kuti chipinda cha alendo chapita."

Pa folo anati khitchini yapita. Pa thu anati denga lasasuka. Tsiku limene ndalama ziwirizi zinafanananso, imodzi kwa imodzi ngati nthawi ya agogo, a Teni sanadye, ndipo akazi awo anangoti tsopano tili ndi puloti, tizigona pa udzu. Kenako zinthu zinatembenuka. Kutsidya migodi inauma, boma lawo n'kumasindikiza ndalama ngati makadi a ukwati. Yathu imodzi inayamba kugula zawo ziwiri, kenako zisanu. Sikuti yathu inalimba ayi. Inkatsika nayo, koma pang'onopang'ono ngati buluku lopanda lamba, pamene yawo inkagwa ngati ndowa yoduka chingwe m'chitsime. Anthu amene kale ankatipatsa ntchito anayamba kubwera pa basi kudzagula shuga kuno. A Teni ankawayang'ana mokwiya, ngati ndi iwowo amene anawononga mlatho.

Pali nkhani ya alamu awo, mchimwene wa amake Nesi, imene msewu wonse umaidziwa. Chaka chachitatu mlamuyo anabwera kudzacheza n'kugona pabalaza masiku atatu. Atachoka, a Teni anawerenga ndalama zawo n'kupeza kuti mapepala makumi atatu palibe. Sanakalipe. Anangolemba kalata ya mizere iwiri, ndipo kuchokera pamenepo amuna awiriwa sanapatsanenso moni. Pa maukwati a pachibale ankawakhazika mbali zosiyana ngati matimu a mpira. Amake Nesi sankaiyankhapo nkhaniyi, ndipo anthu ankati ndi manyazi chifukwa cha mlongo wawo.

Zotsalazo a Teni ankazisamala kuposa mano awo. Tsiku lina ali pa bolodi anaona mayi wina wogulitsa nsalu akubwezeredwa ndalama ya mlatho chifukwa inali yonyowa ndi yothetheka m'mbali. Anamva mtsikana wa pazenera akunena kuti zakuda ndi zong'ambika salandira. Mawuwo anawalowa. Jekete lovalidwa pa dzuwa limamwa thukuta, ndipo pepala lokhala m'thukuta limafewa. Choncho Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, akaweruka ku tchalitchi, ankatseka katani ndi chopanira zovala, n'kusomola ulusi wa m'kati mwa jekete. Ankayanika mapepalawo pa bedi, n'kuwasita limodzilimodzi ndi simbi yofunda pang'ono, atayala kansalu pamwamba. Akaona lina layamba manyenje m'mphepete, ankatenga sizasi yawo yaikulu n'kumetako pang'ono, kochepa ngati tsitsi. Koma telala sangapirire mpukutu wosafanana. Limodzi likametedwa, onse ankayenera kulingana nalo, ndiye ankaika rula n'kuwadula onse mofanana. Akamaliza, mpukutuwo unkaoneka ngati wangotuluka kumene kubanki. Ankauyang'ana kanthawi, n'kuusokanso.

Mwezi wathawu wailesi inalengeza kuti kutsidya atopa ndi maziro. Achotsa awiri. Handiredi yakale ikhala imodzi yatsopano, ndipo mapepala akale asiya kugwira ntchito Lachisanu lomaliza la mwezi. Panthawiyo yathu imodzi inkagula zawo zakale khumi. Amene anaphunzira masamu pang'ono anawerengera msanga, ndipo m'mawa mwake anthu ambiri kuposa masiku onse anapezeka ndi chochita pa geti la depoti. Wometa anasiya munthu mutu uli theka. Mayi wa pazenera, mtsikana yemwe uja wa tsiku la naini, amene tsopano ali ndi imvi ndi magalasi akeake, anatuluka ndi choko, n'kuyang'ana a Teni kamodzi, n'kulemba: teni.

A Teni anaima nthawi yaitali. Kenako anabwerera ku makina osalemba kanthu m'buku.

Masana akazi awo anawabweretsera tiyi pakhonde, chinthu chimene sachita kawirikawiri, n'kukhala pa benchi ya makasitomala.

"Ndamva yafika."

"Si teni imeneyo."

"Pa bolodi alemba chiyani?"

"Amake Nesi, musandiyese mwana. Pepala langa limodzi linkagula zathu sauzande. Lero likugula khumi. Imeneyo mukuti teni?"

"Munalumbira pamaso pa anthu kuti pa bolodi pakadzalembedwa teni mudzasintha. Simunatchule mtundu wake. Mulungu wakupatsani potulukira mutu uli m'mwamba, bambo. Tulukani."

"Ndipeza chiyani? Zaka khumi ndi chimodzi ndigule nazo chiyani?"

"Chitseko."

Amake Nesi anali atapita kale kwa kalipentala wa kuseri kwa chigayo. Kalipentalayo anali ndi chitseko chakale cha matabwa olimba, chochokera mu ofesi ina imene inagwetsedwa. Chitseko chokha chinali 3,700, mahinjesi ndi misomali yake 300.

"Yonse pamodzi ndi folo sauzande," anatero a Teni. "Alamu anga anandisiyira mapepala 370. Sizikwana."

"Zikwana. Inu ingosinthani." Amake Nesi anayang'ana kumsewu. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuvala kuseri kwa katani, makasitomala anu akuyeza mabuluku pabalaza, ine n'kumatsokomola kuti adziwe kuti muli munthu. Sindikufunanso zipinda zitatu. Ndikufuna tsiku limene mwandikwiyitsa ndizimenyetsa chitseko ngati akazi anzanga. Katani ukaimenyetsa imangokusisita kumaso."

A Teni anapitiriza kusoka. Anadikira sabata yoyamba, ati mwina boma la kutsidya lisintha maganizo. Anadikira yachiwiri ndi yachitatu, ati mwina ifika teni ndi theka. Lachisanu lomaliza, nthawi ya chakudya cha masana itadutsa, akazi awo anaima kutsogolo kwa makina atavala za kutchalitchi, kachikwama kali kukhwapa. A Teni anavula jekete, n'kutenga kalumo kosomolera ulusi.

Aka kanali koyamba kuti anthu awaone akuyenda mu msewu ndi malaya okha. Ankaoneka ngati nkhuku yosoledwa.

Kanyumba kosinthira ndalama ndi kotalika masitepe awiri. Muli mpando, kabati yachitsulo, fani yaing'ono, ndi makina owerengera ndalama. Mayi wa pazenera analandira mpukutuwo ndi manja awiri.

"Mwabwera, bambo."

"Ndinanena kuti mudzandiona."

"Ndinkaopa kuti ndipuma pa ntchito musanabwere. Koma ndiye zosamalika bwino. Ngati zasindikizidwa dzulo."

A Teni anawongola khosi pang'ono. Mayiyo anaika mpukutuwo m'makina. Makinawo anakoka pepala limodzi, n'kulira, n'kuima. Anawutembenuza n'kuyesanso. Analiranso. Anatenga pepala limodzi n'kuliyang'ana pa kuwala, kenako n'kuliika pa chikhatho.

"Bambo, ndalamazi zaonda."

"Zaonda bwanji?"

"Zachepa thupi. Nambala ya pakona iyi ikuyenera kukhala ndi manambala asanu ndi atatu. Apa alipo asanu ndi awiri ndi theka. Ndikanakhala ndi ina yakale ndikanakuonetsani, koma zonse ndatumiza m'mawa."

Apa ndi pamene amake Nesi anatsegula kachikwama kawo. Anatulutsa kapulasitiki komangidwa ndi mphira, kochokera pansi pa chitini cha mabatani. Munali mapepala a mlatho, akuda pang'ono, opindika pakati, onunkha dzimbiri. Anawakankhira pansi pa mawaya osayang'ana amuna awo.

Mayi wa pazenera anatenga limodzi, n'kusanjika la a Teni pamwamba pake. Lapansilo linatulukira mbali zonse zinayi, mulifupi mwa chikhadabo. Pa pepala la amake Nesi mlatho unkachoka pa gombe lina n'kukafika pa linzake. Pa la a Teni magombe onse awiri kunalibe. Mlathowo unangoima pamadzi.

"Mwakhala mukuzidula?"

"Kulinganiza," anatero a Teni motsitsa mawu. "Munanena nokha kuti zothetheka simulandira."

"Ndinanenadi." Mayiyo anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Zodulidwa banki ya kutsidya imazibweza, bambo, imati zaseweretsedwa. Ndikalandira, abwana adzandidula pa malipiro. Mwina mutapita nokha ku likulu lawo mukadandaule, koma basi yokha ndi yodula kuposa ndalamazi, ndipo atseka folo koloko lero."

Anaika makumi atatu aja m'makina. Anadutsa onse ulendo umodzi, mopanda vuto.

A Teni sankayang'ananso makinawo. Ankayang'ana kapulasitiki kaja.

"Amake Nesi. Izi zachokera kuti?"

"M'jekete lanu. Tsiku limene munkasamba, achimwene ali pabalaza."

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi."

"Ndinkafuna kugula chitseko nthawi imeneyo. Dzulo lake munandiuza kuti ili pa seveni. Nditafika pano ndinapeza sikisi." Anakonza mpango wawo kumutu. "Ndinati ingobwerera pa seveni pokhapo."

Kumbuyo kwa mzere munthu wina anatsamwa ndi kuseka, anzake n'kumugunda ndi chigongono.

"Lachiwiri lililonse popita kumsika amayiwa ankadutsa apa," anatero mayi wa pazenera, akuwerenga za mbalame. "Ankayang'ana bolodi chammbali, ngati akufuna basi. Inu eyiti koloko, iwo leveni. Ine ndinkangoti banja ili ndi langa."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndine wosintha ndalama, bambo, si ankhoswe. Ndiponso mukanasintha, ndani akanandipatsa moni m'mawa? Muno anthu amangoona manja anga."

A Teni anatembenukira kwa akazi awo. "Ndiye alamu?"

"Achimwene sanabe kanthu. Mpaka lero sadziwa chimene analakwa. Kalata yanu ija inangoti mukudziwa chimene mwachita."

Analandira mapepala atatu a mbalame, a handiredi handiredi, ndi risiti. Mpukutu wometedwa uja mayi wa pazenera anaubweza ndi manja awiri, monga anaulandirira.

Kalipentala anakana kutsitsa mtengo wa chitseko, ndipo Loweruka anachigulitsa kwa mwini malo ometera. Amake Nesi anagula mahinjesi. Anati ndalama yawo ndi imeneyo, ndipo agula chimene anaitengera. A Teni anawakhomera okha pa felemu, atayeza ndi tepi katatu, ndipo ali pamalo pake ndendende. Mbali imodzi ya hinjesi iliyonse yagwira thabwa, inayo ikulendewera m'malere pafupi ndi katani ya maluwa.

Mapepala 370 aja anabwerera m'jekete. A Teni akuti popanda iwo jeketelo limagwa mapewa. Asokanso buluku labwino la alamu awo, la matumba anayi, pogwiritsa ntchito miyezo imene anaipeza m'buku lachitatu. Amake Nesi anawauza kuti mlongo wawoyo ananenepa kawiri chiyezereni, koma iwo akuti adzalikonza akadzamuona. Kwawo kwa mlamuyo ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo munthu amayenera kugona komweko. Bulukulo lapachikidwa pakhonde milungu itatu tsopano. Akafunsidwa, a Teni amati mtengo wa basi wakwera kwambiri mwezi uno, akudikira utsike pang'ono.

Lolemba lapitali eyiti koloko anali pa geti la depoti, manja kumbuyo. Pa bolodi panalembedwa leveni. Anabwerera, n'kuilemba m'buku pansi pa khosi la m'busa wina, kenako n'kulowa m'nyumba kukauza akazi awo, poti palibenso wina woti amuuze.

"Leveni, amake Nesi. Mukanadikira sabata zitatu zokha, makumi atatu anu aja..."

Amake Nesi anaimirira, n'kulowa kuchipinda. Katani inagwedezeka n'kukhala bata. Kenako dzanja linatulukira m'mbali mwake, n'kugwira hinjesi yapamwamba, n'kuimenyetsa pa felemu. Inalira kamodzi, kaphokoso kakang'ono ngati supuni yagwa pansi. A Teni anaima pabalaza kanthawi, kenako anagogoda pa thabwa la felemu n'kudikira kuti ayankhidwe.